Si aluminiyamu amene anagwetsa mlongoti wa boti lathu

Lachitatu abwana anandipeza ndikutsuka boti pa doko n'kundifunsa kuti, "Iwe ukuona bwanji, tigule mlongoti wa kaboni kapena tibwezeretse wa aluminiyamu?" Kaboni ndi nsalu za ulusi wakuda wolimba zimene amazimata ndi guluu. Ndinangoti zonse n'zabwino bwana. Munthu amene amasayinira malipiro ako sumamutsutsa uli ndi chikolopa m'manja. Koma usiku wonse nkhaniyi yandidya, ndiye ndiyitule pano.

Kwa amene simundidziwa, ndili kuno ku Cape Town, ndimagwira ntchito pa maboti a matanga, a mpikisano aja. Lathu ndi la mamita 12, mlongoti wake unali wa mamita 17. Masabata atatu apitawo tinali pa mpikisano mu Table Bay, mphepo ija amaitcha Cape Doctor itakwiya. Ife a ku Nkhotakota tingoti mwera, chifukwa imachokera mbali yomweyo ndipo mwano wake ndi womwewo. Titangokhota, panamveka phokoso ngati munthu wathyola nzimbe pafupi ndi khutu, kenako mlongoti wonse, matanga, zingwe, zonse m'madzi. Palibe anavulala, Mulungu ngwabwino. Tinatha pafupifupi ola tikudula mawaya, chifukwa chidutswa chimene chinali m'madzi chinkamenya m'mbali mwa boti ndi funde lililonse, ndipo chikanaboola.

Mawa lake ndinatsala ndekha ndi zidutswazo pa simenti. Chimene chinatigwetsa ndinachipeza, ndipo ndi chaching'ono ngati chala changa chamanthu. Waya wina wa m'mbali, amene amagwira mlongoti chapakati, anaduka pamene amalowa m'kachitsulo kake kopanira. Mkati mwake munali dzimbiri la bulauni, nthambo zina zinali zitaduka kalekale, zonyezimira zongoduka kumene zinali zochepa. Mawaya amenewo anali ndi zaka 14. Aliyense wa ntchitoyi amadziwa kuti zikakwana zaka 10 umayamba kuganiza zosintha, ndipo a inshulansi ambiri amafunsa zimenezo. Ine ndinanenapo chaka chatha, ndinauzidwa kuti tidikire nyengo ya mipikisano ithe.

Ndiye lero pa tebulo pali mapepala a mitengo ya mlongoti wa kaboni, ngati kuti aluminiyamu ndiye anatilakwira.

Musandimve molakwika, kaboni ndimamukonda. Ndinagwirapo pa boti lina lokhala ndi mlongoti wotere, ndipo kusiyana kwake umakumva m'mapazi. Aluminiyamu amalemera magalamu 2.7 pa kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse, kaboni pafupifupi 1.6, komanso ndi wolimba kupindika. Mlongoti umapepuka ndi gawo limodzi mwa atatu, nthawi zina kuposa. Wina anganene kuti makilogalamu 40 ndi chiyani pa boti la matani 6. Funsani aliyense amene anakwerapo bwato chifukwa chake amakukalipira ukaimirira. Kulemera kukakhala m'mwamba, bwato limapendama. Kilogalamu imodzi ili mamita 8 pamwamba imafuna makilogalamu 4 ali mamita 2 pansi kuti zilingane. Ukachotsa 40 m'mwamba, zili ngati wakhazika amuna awiri onenepa pansi pa boti osawadyetsa. Boti limaima chilili, silidumphadumpha kwambiri pa mafunde, limakwera mphepo bwino. Izi sinditsutsa.

Ndipo kaboni amakonzeka. Mu 2023, pa mpikisano wa The Ocean Race, boti la Malizia litanyamuka kuno kupita ku Itajaí ku Brazil, chingwe chinang'amba mlongoti pafupi ndi kunsonga. Will Harris anakwera mamita oposa 25 pakati pa nyanja, n'kupala ndi kumata nsalu za kaboni ndi guluu wake kwa maola ambiri. Anapitiriza ulendo, mpaka anapambana gawo limenelo. Aluminiyamu akapindika, wapindika basi.

Koma amagwanso. Amene munali kuno mu 2011 mukumbukira boti la Puma, la pa mpikisano wa Volvo Ocean Race, likubwera litanyamulidwa pa sitima. Mlongoti wake unagwa pakati pa Atlantic, anthu ake anakathera pa chilumba cha Tristan da Cunha. Pa mpikisano womwewo la Abu Dhabi linagwetsa mlongoti usiku woyamba chinyamukireni ku Alicante ku Spain. Onsewo anali a kaboni, opangidwa ndi akatswiri, osamalidwa ndi anthu olipidwa kuti asachite china chilichonse. Nanga ife, amene timadikira nyengo ithe kuti tisinthe waya?

Chimene chikundiopsa kwambiri n'chakuti kaboni sadandaula. Aluminiyamu akadwala amaonetsa: ufa woyera pozungulira zomangira, kamng'alu, kufufuma. Ndikakwera pa mpando wanga wa zingwe ndimaona ndi maso. Kaboni ukamugogoda ndi chitsulo pa kireni, kunja amakhala wosalala ngati palibe chachitika, mkati nsalu zitalekana. Timachita kugogoda ndi kandalama kachitsulo n'kumamvetsera, pabwino pamalira "ti ti", povulala pamalira "du du". Kuti utsimikize umaitana munthu wa makina oyezera mkati, ndipo sabwera ulele. Mphezi ikamenya ndiye nkhani ina, imatha kupsereza guluu mkati osasiya chizindikiro. Dzuwa nalonso limadya guluuyo, ndiye utoto suyenera kusupuka. Ndipo kaboni akakhudzana ndi aluminiyamu m'madzi a mchere, amamudya ngati chiswe. Kachitsulo kalikonse kamafuna kulekanitsidwa bwino pomanga. Ntchito yosamala imachuluka kuposa kale, ndipo kusamala ndi kumene kunatikanika.

Tsono ndalama. A inshulansi amabweza chimene unali nacho, ngati abweza n'komwe, chifukwa funso lawo loyamba linali la zaka za mawaya. Za pamwamba pake ndi thumba la abwana, ndipo mtengo wa kaboni umapitirira kawiri wa aluminiyamu. Suthera pamenepo. Thanga lalikulu limasokedwa motsatira mmene mlongoti umapindikira. Ukasintha mlongoti, thanga lakale silikhalanso bwino, umalibweza kwa osoka kapena kugula lina. Ife athu anang'ambika kale, ndiye apa mwina tapulumuka. Pamene mawaya amamangirira ku boti payenera kuyezedwanso, chifukwa mlongoti wosapindika umapereka mphamvu yonse pansi mosanyengerera.

Chinanso chimene abwana sakufuna kumva: pa mipikisano yathu sapambana amene wafika poyamba. Boti lililonse lili ndi nambala yake, ya IRC kapena ORC, imene amawerengera nthawi yako kuti maboti osiyana apikisane mwachilungamo. Ukaika kaboni, nambala imakwera. Liwiro limene wagula, gawo lina akulanda pa pepala. Ndiye utha kufika msanga ndi mphindi imodzi n'kupezekabe wachinayi, monga kale. Ife timataya mphindi ziwiri pongokweza thanga lakutsogolo, chifukwa theka la anthu athu amabwera Loweruka lokha ndipo ena amafika ndi mutu wa dzulo. Kaboni sakonza zimenezo.

Maganizo anga ndi awa. Boti ili lili ndi zaka zoposa 20. Tiike wa aluminiyamu watsopano, mawaya onse atsopano, zomangira za m'mbali zizulidwe ziyezedwe, matanga abwino, ndipo ndalama yotsalayo ilipire mphunzitsi wa anthu athu. Akanakhala kuti abwana akufuna kupita ku Rio ku Brazil, ulendo umene anthu akhala akupikisana kuchokera kuno chiyambire 1971, ndipo ali okonzeka kulipira woyeza mlongoti chaka chilichonse, ndikanati bwana gulani kaboni, ndikwera ndekha kukapaka utoto. Koma ndikuwadziwa. Chimene chawakoka ndi mtundu wakuda uja. Pa doko boti la mlongoti wakuda limaoneka patali, anthu akumwa mowa pa khonde la kalabu amaloza. Nanenso ndimaloza, sindikukana.

Lachisanu kukubwera munthu wa kampani ya milongoti ndi laputopu yake, ndipo abwana ati ndikhalepo kuti ndithandize kuyeza. Kachitsulo kadzimbiri kaja ndinakasunga, kali m'thumba la ovololo yanga. Ndikaika pa tebulo pafupi ndi kapu ya khofi ya abwana, kenako nditenge tepi yanga ndipite kukayeza.