Chenjezo: musapereke ndalama za ulendo kwa munthu amene simukudziwa kumene amagona

Ana anga, khalani pansi ndikutsineni khutu, chifukwa zimene ndikuona masiku ano zikundiwawa mumtima. Munthu wadzimana chaka chathunthu, kusunga ndalama kuti akaone dziko la eni. Wangofika, tsiku lomwelo wasolola mpukutu wonse n'kupatsa munthu amene wakumana naye pakhomo pa hotela, poti wamumwetulira n'kumuonetsa zithunzi za mapiri pafoni. Lisiti palibe. Dzina la kampani sanafunse. Kodi nzeru mumazisiya pabwalo la ndege?

Sindikunena zongomva ayi. Zinamugwera mwana wa mlongo wanga, mnyamata wophunzira bwino, amene anapita kunja ndi mkazi wake atangokwatirana. Bambo wina wovala bwino, baji ili pachifuwa, anawalonjeza ulendo wa masiku atatu: galimoto, malo ogona, ndi munthu wowaonetsa malo. Kenaka anatsitsa mawu n'kuti, mukalipira pakhadi mtengo ndi uwu, koma mukandipatsa zapamanja ndikuchotserani. Mnyamata uja anaona ngati watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Anathamangira pa ATM, kutapa, kupereka. Umboni wake unali kapepala kong'amba m'kope, polembedwa kuti 6 koloko m'mawa. M'mawa mwake anali ali chilili panja ndi zikwama, mkazi wake atavala chipewa chatsopano choteteza kudzuwa. 6 koloko inakwana, 7, mpaka 9. Foni ya bambo aja inali yozima. Wogwira ntchito pahotela anangopukusa mutu, nati munthuyo sakumudziwa. Pondiimbira, mawu anali akunjenjemera: "Amalume, nditani?" Ndinasowa chomuyankha. Ndalama zapamanja zikachoka m'manja mwako zilibe mchira woti uzigwire.

Ndiye mvetsani apa. Ndalama yaikulu, makamaka yolipiriratu ulendo umene simunauyambe, izidutsa pakhadi. Khadi limasiya mapazi. Limalemba dzina la amene walandira, tsiku, ndi kuchuluka kwa ndalama. Komanso kuti kampani ipatsidwe makina olandirira ndalama pakhadi, pamakhala banki imene ikuidziwa. Makampani a makhadi a Visa ndi Mastercard ali ndi njira imene amati chargeback: ngati mwalipira koma chimene munalipiriracho simunalandire, mumakadandaula kubanki yanu, iyo n'kuyamba kulondola ndalamayo. Nthawi zambiri mpata wake umakhala masiku 120, ndiye si nkhani yoti mubwerere kwanu n'kuyamba mwagona kaye miyezi isanu. Ndipo banki sidalira misozi yanu. Imafuna lisiti, ma imelo, ndi pepala losonyeza zimene munalonjezedwa.

Mwina muziti, ine ndimasankha makampani akuluakulu okhaokha. Nanga Thomas Cook, kampani ya za maulendo ya ku Britain, sinali yaikulu? Kampani imeneyi inagwira ntchito zaka 178, koma pa 23 September 2019 inagwa usiku umodzi, anthu pafupifupi 600,000 ali kunja pa maulendo awo. Ku Britain, amene anagula matikiti a ndege okha anauzidwa kukadandaula kumabanki a makhadi awo, ndipo kumeneko lamulo la 1974 limati wogula chinthu choposa mapaundi 100 mpaka 30,000 pakhadi la ngongole, banki nayo ili ndi mlandu ngati wogulitsa walephera. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho pitani kubanki yanu musananyamuke mukafunse kuti khadi lanu limakutetezani mpaka pati. Safunsa anadya phula.

Palinso ena amene amanyada kuti sananyamule ndalama, anangotumiza pa Western Union kapena MoneyGram kwa munthu amene anacheza naye pa Facebook. Mwana wanga, kumeneko ndi kupereka zapamanja komweko, kungoti wapereka uli patali. Munthu akangokatenga, zatha. Chimodzimodzi kuika ndalama mu akaunti ya dzina la munthu pamene mukuti mukuchita malonda ndi kampani. Ngati kampaniyo ilipodi, bwanji ilibe akaunti ya dzina lake?

Tsono inu a makhadi musayambe kudzigunda pachifuwa, chifukwa uchitsiru wina umene ndauona ndi wanu. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kujambula khadi lake kutsogolo ndi kumbuyo n'kutumiza pa WhatsApp poti woperekeza alendo wapempha! Manambala atatu a kumbuyo aja ndiwo kiyi. Amene ali ndi nambala yaitali ya kutsogolo, tsiku lothera ntchito, ndi atatu amenewo, akhoza kugula zinthu pa intaneti inu muli mtulo. Winanso amapereka khadi kuti apite nalo kuseri, ati makina ali mkati. Imirirani, mulitsatire khadi lanu. Makina abwere pamene muli, muone ndalama imene yalembedwa musanabaye nambala yachinsinsi, ndipo dzanja linalo liphimbe. Nambala imene banki imakutumizirani pafoni potsimikiza malipiro musauze munthu aliyense, ngakhale atati akuimba kuchokera kubanki.

Pali msampha wina wofatsa umene umakola ngakhale ochenjera. Mwalowetsa khadi, makina akufunsani: mulipira m'ndalama ya kwanu, kapena ya dziko lino? Mtima umathamangira ya kwanu chifukwa ndi imene mukuidziwa. Musatero. Mukasankha ya kwanu, mwalola kuti mbali ya wogulitsa ndiyo isinthe ndalamayo pa mtengo wake, ndipo kawirikawiri umakhala wokwera kuposa umene banki yanu ikanasinthira. Sankhani ndalama ya dziko limene mulimo. Ngakhale mutero, mabanki ambiri amadulabe kenakake pa chilichonse chogulidwa kunja, ena mpaka 3 pa 100 iliyonse. Dziwiranitu zimenezi, musadzadabwe.

Ndipo chonde, khadi la ngongole si lotapira ndalama pa ATM. Mukatero amakudulani pomwepo, chiwongoladzanja n'kuyamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, osadikira kutha kwa mwezi monga zimakhalira mukagula katundu. Mwana wa mlongo wanga uja anapweteka kawiri: ndalama zimene anapatsa wakuba uja anazitapa pakhadi la ngongole. Anakhala akubweza miyezi ingapo, ndi chiwongoladzanja chomwe, ulendo umene sanayende. Banki inamuuza mosabisa kuti iyo inangomupatsa ndalama zake m'manja, kumene anapita nazo n'kwake.

Dziwitsaninso banki kuti mukupita kunja, ndipo onetsetsani kuti nambala yanu ya foni izilandira mauthenga kumeneko. Apo ayi khadi lidzakana pamaso pa anthu, inu thukuta kamukamu.

Sindikuti zapamanja n'zoipa. Zili ndi malo ake. Kangachepe kothokozera woperekeza alendo ndi dalaivala ulendo ukatha, zogula zing'onozing'ono, ndiponso kumalo akutali kumene netiweki imavuta, zonsezi zimafuna ndalama m'thumba. Koma nyamulani zokwanira zimenezo basi, muzigawe pawiri kapena patatu, zina pathupi zina m'chikwama china. Ngati ndi madola a ku America, akhale aukhondo, osang'ambika, osalembedwa. M'mayiko ambiri amakana akale, ndipo pepala la madola 100 lokhala ndi mzere wa buluu, limene linatuluka mu 2013, ndilo salivuta kulandira. Inu okonda kunyamula mitolo, dziwani kuti polowa kapena potuluka m'mayiko a European Union ndi ndalama zokwana mayuro 10,000 kapena kuposa, muyenera kulengeza pachipata. Ku United States lamulo ndi la ndalama zoposa madola 10,000. Mukabisa n'kupezeka nazo, akhoza kukulandani.

Zikachitika kuti kampani ndi yaing'ono, yoona mtima, koma ilibe makina, musalipire zonse nthawi imodzi. Pitani ku ofesi yawo ndi miyendo yanu, muone chikwangwani ndi chiphaso chawo. Perekani gawo lochepa, zotsalazo mukwere kaye galimoto. Lisiti likhale ndi dzina la kampani, tsiku, ndalama, ndi zimene mwalipirira: masiku angati, mugona kuti, ndalama zolowera kumalo oonako zili momwemo kapena ayi. Afunseninso kuti ulendo ukalephereka chifukwa cha mvula kapena kuwonongeka kwa galimoto, akubwezerani zingati ndipo liti. Yankho lake alembe papepala lomwelo, asaine, inu mulijambule ndi foni. Akayamba kuzembazemba kuti pakati pa abale sipafunika zolembalemba, bwezani chikwama m'thumba, mutsanzike, mutuluke.