Mapu a zisankho aja akutinamiza

Abale anga, ndiloleni ndiyankhulepo pa mapu aja amene amazungulira m'magulu athu a WhatsApp nyengo ya kampeni ikafika. Mukuwadziwa. Wina amatenga Malawi, wamtali ngati chinangwa, n'kumupaka utoto: uku buluu, apa pofiira, uko chikasu. Pansi n'kulembapo kuti "onani tsankho". Basi ndemanga zimayamba kugwa ngati matalala. Alhomwe sasintha. Achewa ngakhale muwaikire chitsa, bola chikhale ndi tambala, avotera. Atumbuka amangofuna wakwawo. M'gulu la kubanja kwathu, azilamu awiri anatulukamo chifukwa cha mapu oterewa, ndipo mpaka lero akakumana pamaliro amangopatsana moni wa pamwamba.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndiye mapu amenewa amandipsetsa mtima kuposa ena. Pa pepala la boma ndife a chigawo chapakati. Koma funsani aliyense amene amatsata ndale, akuuzani kuti Ntcheu sikuchipinda kwa Kongeresi ayi. Mu 1994 anthu akwathu anavotera UDF, pamene anansi athu a ku Dedza anali nganganga ndi MCP. Chichewa chomwecho, nsima yomweyo, msewu wa M1 womwewo. Ngati voti imatuluka m'chigawo, ife tinachita kugwa kuchokera kuti?

Sindikukana kuti nkhaniyi ili ndi pogwira. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, kumpoto ndi kummwera anasankha nyali, pamene ambiri a pakati anakakamira tambala wakuda. Chaka chotsatira dziko linang'ambika patatu poyerayera. Bakili Muluzi wa ku Machinga anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Kamuzu Banda wa ku Kasungu 33, Chakufwa Chihana wa ku Rumphi 19, aliyense atasesa kwawo. AFORD inatenga mipando yonse 33 ya aphungu ya kumpoto osasiyako ngakhale umodzi. Chisankho chimenecho chinaoneka ngati kalembera wa zigawo, ndipo mapu amene ambiri tili nawo m'mutu anajambulidwa chaka chimenecho. Zaka zoposa 30 zadutsa, ife tikuwerengabe mapu a 1994.

Tiyeni tione kumpoto, popeza ndi kumene kumalozedwa chala kawirikawiri. Chihana atalephera mu 1994, kumpoto kwavotera ndani? Mu 1999 anavotera Gwanda Chakuamba, munthu wa ku Nsanje, kumapeto kwenikweni kwa dziko. Mukhoza kunena kuti n'chifukwa choti wachiwiri wake anali Chihana. Chabwino. Nanga mu 2004, pamene AFORD inali itakwera basi ya UDF, iwo n'kuvoterabe Chakuamba yemweyo? Mu 2009 anakhuthulira mavoti awo kwa Bingu wa Mutharika wa ku Thyolo. Mu 2014 anatsamira kwa Mayi Joyce Banda a ku Zomba (inde, amuna awo ndi a ku Nkhata Bay, musandikumbutse, ndikudziwa). Mu 2019 ambiri anakonda Saulos Chilima wa kwathu ku Ntcheu. Mu 2020, Lazarus Chakwera wa ku Lilongwe. Mu 2025, Peter Mutharika, ngakhale kuti Chakwera anatenga wachiwiri wochokera kumpoto komweko, Vitumbiko Mumba. Werengani nokha. Palibe chigawo chimene chavotera anthu a kwa eni ake kambirimbiri chotere, ndiponso palibe chimene chasintha zipani ngati chimenechi. Koma mapu akangotuluka kumpoto kutapakidwa utoto umodzi, timati "mwaona, amavota ngati nkhosa". Kuvotera pamodzi ndi kuvotera wakwanu si chinthu chimodzi. Anthu ochepa amadziwa kuti akamwazika palibe adzawawerengere, ndiye amaunjika mavoti pamodzi kuti akhale ndi mtengo. Amenewo ndi masamu, si magazi.

Ndiye pali bodza lina limene lili m'mapu mwenimwenimo. Mapu amaonetsa nthaka, saonetsa anthu. Mzimba ndi boma lalikulu kwambiri m'dziko muno, likapakidwa utoto limadzaza diso. Nyika yense amapakidwa, Vwaza amapakidwa, nkhalango ya Kasungu nayo, ngati kuti njovu zinaima pamzere n'kuviika chala mu inki. Pamene Ndirande, Bangwe, Kawale, Mgona, kumene anthu athithikana ngati nyerere, sizioneka n'komwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni: pa 100 alionse, 44 kummwera, 43 pakati, 13 kumpoto. Boma la Lilongwe lokha, kuphatikiza mzinda ndi midzi, lili ndi anthu ambiri kuposa chigawo chonse cha kumpoto. Tsono munthu amene akukuonetsani mapu n'kumati "taonani, tatenga theka la dziko", mufunseni kuti theka la mahekitala kapena la anthu?

Komanso utoto umodzi umameza anthu. Boma limene wina wapambana ndi mavoti 52 pa 100 limapakidwa chimodzimodzi ndi limene wapambana ndi 95. Onse amene anavotera wina amafufutika. Ku Thyolo kuli anthu amene amavotera MCP. Ku Dowa kuli amene amavotera DPP, mwina mwakachetechete, osauza ngakhale akazi awo, koma aliko. Ndipo kwathu kuno voti yawo imawerengedwa yathunthu. Ife si America ayi. Kumeneko, m'madera ambiri, amene watsogola ngakhale pang'ono amatenga zonse za deralo, n'chifukwa chake mapu ofiira ndi abuluu ali ndi tanthauzo kwa iwo. Kuno MEC imangoonkhetsa mavoti a dziko lonse. "Kupambana boma" kulibe mphotho ina iliyonse m'malamulo. Mu 2019 Mutharika ndi Chakwera anasiyana mavoti osafika 160,000. Kusiyana kotere kukhoza kuchokera kwa anthu omwe aja mapu amawabisa pansi pa utoto wa chipani china.

Chisankho cha 2019 chomwecho, cha Tipp-Ex chija, ndi chimene chinasintha masewero. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anachifafaniza, n'kunenanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Kale munthu ankatha kulowa ku Sanjika ndi mavoti 36 pa 100, monga anachitira Bingu mu 2004 ndi mng'ono wake mu 2014. Panthawi imeneyo kusamala kuchipinda kwako kunali kokwanira, bola adani ako agawikane. Pano palibe chigawo chimene pachokha chingakufikitse pa 50 kuphatikiza voti imodzi, ngakhale utasesa mudzi ndi mudzi. Uyenera kupita kwa eni ake, kukagwada. Chakwera anapeza 58 ndi kadontho pa 23 Juni 2020 chifukwa Tonse inalumikiza pakati, kumpoto ndi achinyamata a m'matauni amene ankatsata Chilima.

Koma umboni umene ine umandikhutiritsa kwambiri ndi wa zisankho ziwiri, cha 2009 ndi cha 2025. Mu 2009 Bingu anapeza mavoti 66 pa 100, akupikisana ndi John Tembo wa ku Dedza amene Muluzi ankamuikira kumbuyo. Mukanati muwerenge mitundu, Achewa kuphatikiza Ayao, Tembo akanayenera kumuvutitsa zedi. Sizinatero. Anthu anali atalandira makuponi a feteleza kuyambira 2005, nkhokwe zinali zodzaza, ndiye anavotera nkhokwe. Mu 2025 zinatembenuka. Amene analonjezedwa thumba la feteleza la K4,495 analiona likuthawa. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinagona pamizere ya mafuta. Mtengo wa chimanga, sopo, shuga, musachite kunena. Pa 16 Sepitembala anthu anapita kukavota ndi zimenezo m'mutu, ndipo Mutharika anapeza pafupifupi 57 pa 100, Chakwera 33. Chigawo chapakati chili ndi anthu 43 pa 100 alionse, ndiye masamuwo akuuzani okha kuti ngakhale kumeneko kunali anthu ambiri amene anatembenuka. Zaka zisanu zokha m'mbuyomo anthu omwewo ndi amene anamuchotsa Mutharika. Mtundu wawo sunasinthe pakatipa. Chinasintha ndi m'poto.

Wina andifunsa kuti nanga maboma aja amene sagwedezeka, zivute zitani, ndiwanena bwanji? Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu mbali iyi. Dowa, Ntchisi, Lilongwe ya kumidzi mbali inayo. Ndikuvomera, aliko. Koma ndisanatukwane mayi wa ku Phalombe kapena bambo wa ku Ntchisi, ndimayamba ndafunsa kuti anamuphunzitsa ndani. Dziko lino lakhala likuphunzitsa anthu ake kuti chitukuko chimatsata kwawo kwa mtsogoleri. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968. Likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera kuzigawo za kwawo, a kumpoto ambiri n'kulongedza akatundu. Nkhani ya kota posankha ana opita kuyunivesite inasiya chilonda chimene mpaka lero chikadatuluka mafinya. M'nthawi ya DPP anthu ankadandaula kuti maudindo onona akupita kwa Alhomwe. Nduna zoyamba za 2020 zitalengezedwa, dandaulo linali lomwelo, kungosintha dzina la chigawo, n'kuwonjezerapo za pachibale. Tsono mlimi amene waona zonsezi, akaganiza kuti msewu wa phula, mjigo kapena ntchito ya mwana wake zidzabwera pokhapokha wakwawo akhale pampando, mukuti ndi mbuli? Iye wangowerenga zimene zimachitika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene ayenera kuchita manyazi ndi amene amagawa maudindo ndi misewu, osati amene waima padzuwa kuyambira mbandakucha kudikira kuvota.

Ndipo ngati mukuganiza kuti Mchewa ndi Mtumbuka anabadwa osagwirizana, dumphani malire. Ku Chipata kuli Achewa, ku Lundazi kuli Atumbuka, abale a omwewa a ku Mchinji, Kasungu ndi Mzimba. Ku Zambia onsewo amangotchedwa a kum'mawa, ndipo pa ndale kawirikawiri amayendera limodzi, chifukwa m'dziko lija gulu lililonse palokha ndi laling'ono, andale sapindula kanthu powagawa. Kuno magulu awiriwa ndi aakulu mokwanira kuti wandale amangirepo chipani, ndiye mpanda unamangidwa.

Chimene chimandiopsa ndi choti mapuwa samangonena zimene zachitika, amapanganso zimene zidzachitike. Chipani chikaona boma lapakidwa utoto wa anzawo, chimati kumeneko n'kuchipinda kwa eni, sichipitako, sichiikako ngakhale oyang'anira mavoti okwanira. Anyamata a chipani chinacho nawo amayamba kukhulupirira kuti deralo ndi munda wa bambo awo, mlendo akabwera ndi msonkhano amamulandira ndi miyala. Ndipo chipani cha "eni" chimaleka kugwira ntchito kumeneko, poti mavoti ndi ake kale. Pitani mukaone misewu ya m'midzi ya kuzipinda zimenezi nyengo ya dzinja, mukaone ngati kukhulupirika kwawo kunawagulira kanthu.

Ndiye pempho langa kwa inu amene mumakonda kutumiza mapu: tumizaninso manambala. MEC imalengeza zotsatira khonsolo ndi khonsolo, zonse 36. Tilembereni kuti wachiwiri anapeza angati, wachitatu angati, ndipo amene analembetsa koma sanapite kukavota ndi angati. Ikani za 2020 pambali pa za 2025 tione kumene anthu anasuntha.

Ine ndinayesa kuchita zimenezi m'gulu lathu lija. Azakhali anga a ku Ntcheu, amene avota chisankho chilichonse kuyambira cha nyali ndi tambala, ananditumizira mawu pafoni. Anati mapuwo iwo sakuwaona bwino, maso anatha, koma ndiwafufuzire kuti thumba la yureya likugulidwa bwanji ku Lilongwe kuno.