Ndelema samera pansi pa bulugamu

Loweruka lapitali ndinatsikira ku msika wa Zigwagwa kuno ku Mzuzu kukafuna bowa. Nyengo yake ndi ino, ndipo ine mvula ya m'Disembala ikangonyowetsa nthaka bwinobwino, mtima umathamangira ku ndelema wotendera ndi nsima ya mgaiwa. Ndinazungulira msika kawiri. Tomato ali mbwee, kabichi milumilu, usipa wa ku Nkhata Bay osausowa. Bowa ndinakamupeza kwa mayi mmodzi yekha amene anakhala chakumapeto, kabeseni kamodzi kovundikira ndi masamba, mapazi ali matope mpaka m'misongolo.

Ndinati, "Amama, bowa chaka chino wathawira kuti?"

Anaseka, n'kundiyankha m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka. "Adada, nkhowani sinathawe. Yathawa ndi mitengo."

Anandiuza kuti amachokera mbali ya ku Choma, ndipo kuti adzaze kabeseni kameneko anadzuka tambala woyamba asanalire. Phiri limene ankazulako bowa ali mtsikana amangolidutsa tsopano. Mbali ina ndi chimanga, mbali ina ndi bulugamu amene anadzala anthu a m'mudzimo atalandira mbande zaulere. Phirilo ndi lobiriwira ndithu, ukaliona uli patali ungati zinthu zili bwino. Koma iwo akuti m'bulugamumo sanapezemo ndelema ngakhale mmodzi, ndipo amaletsa ana awo kuzula bowa aliyense wa pansi pa mitengo imeneyo.

Mawu a mayiwa ndi amene andichititsa kulemba izi, chifukwa nyengo yodzala mitengo yayamba, ya pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo ija, ndipo posachedwa Facebook yathu idzadza ndi zithunzi za anthu ovala malaya ofanana atagwira kambande ka paini m'kachubu kakuda. Maganizo anga ndi akuti ife a ku Mzuzu tasokoneza zinthu ziwiri. Kudzala mitengo ndi kwina, kubwezeretsa nkhalango ndi kwina. Tikudzala munda wa matabwa, n'kumadziombera m'manja kuti tabweza chilengedwe.

Za bowazi ndizifotokoze pang'ono, chifukwa pamenepa ndi pagona nkhani. Chija timazula ndi kudya ndi kachipatso chabe. Thupi lenileni la ndelema lili pansi, ndi timaulusi toyera tosaoneka bwino timene timakulunga mizu ya mombo, tsamba, mchenga ndi msuku. Timaulusito timakokera mtengo madzi ndi zakudya za m'nthaka, mtengonso umatipatsa shuga amene wapangidwa m'masamba. Ndi ubale wa mpeni ndi chipande, wina sakhala popanda mnzake. N'chifukwa chake bowa wa m'majumbo amene amalimidwa ndi mapesi a chimanga mungamugule chaka chonse, koma ndelema ndi manyame palibe amene anawalimapo m'shedi. Ukadula msuku wadula ndi ndiwo zimene zimamera pansi pake. Utale nkhani yake ndi ina koma yofanana. Amene uja amalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu, ndiye ukathira mankhwala pachulu kapena kuchigumula kuti uumbe njerwa, watsanzikana ndi utale pamodzi ndi ngumbi zomwe.

Tsono taganizani zimene zimakhala pa mtengo umodzi wa msuku. Masuku amene ana amatola m'Novembala, anyani ndi mileme zimadyanso pomwepo n'kumwaza nthangala zake. Mphalabungu ndi matondo zimadya masamba a mitengo yachilengedwe yomweyi. Njuchi zimene zimatipatsa uchi umene timaunyadira kuno kumpoto zimadalira maluwa a miombo. Makungwa a mombo ndiwo luzi limene agogo ankamangira denga. Azitsamba akalowa m'tchire sakafuna paini. Zonsezi sizibwera m'kachubu.

Ndinakhalapo masiku angapo ku Chikangawa kwa mlamu wanga amene ankacheka matabwa. Amene munalowapo m'kati mwa paini wokhwima mukudziwa zimene ndikunena. Pansi pali mphasa ya timasamba tofiirira tonga singano, kuponda ngati matiresi. Kuli zii. Mphepo yokha ndiyo imalira kumwamba, mbalame n'kumveka apo ndi apo. Pamamera bowa wake wina woterera pamutu, amene anabwera ndi painiyo, ndipo ena amadya. Kupatula ameneyo palibe chimene ungatole. Ndiye tsiku lina dzalowe m'kachigawo ka nkhalango yachilengedwe ya Kaning'ina kamene nkhwangwa sinafikeko, m'mawa mvula itagwa usiku. Phokoso lake lokha likuuza kuti muno muli eni ake.

Ndisanamizidwe kuti ndikunyoza paini. Denga la nyumba imene ndikugonamo ku Chiputula lili pa matabwa a ku Chikangawa, ndipo mabanja ambiri m'tauni muno ana awo anaphunzira ndi ndalama za matabwa omwewo. Munda uja, wa mahekitala pafupifupi 53,000, unadzalidwa kuti udyetse fakitale ya mapepala imene mpaka lero sinamangidwe. Unali munda kuyambira pachiyambi, ndipo amene anaudzala sananame kuti ndi china. Paini wambiri wa kumeneko kwawo ndi ku Mexico, bulugamu kwawo ndi ku Australia. Ngakhale tauni yathuyi inayambira pa esiteti ya mitengo yobwera ya tung cha m'ma 1947. Mitengo yachilendo tinayamba nayo kale, ndipo ili ndi ntchito yake. Munthu amene ali ndi malo ouma osalimika adzale bulugamu, apeze milimo ndi nkhuni, asiye kulowa m'nkhalango ya boma. Chimene chikundiwawa ndi kuona munthu akusosa tchire lachilengedwe limene linayamba kale kuphukira, kuliwotcha, kuti apeze malo oyera odzalapo mbande zaulere. Izi ndaziona ndi maso anga, ndipo anthu anajambulitsa zithunzi atamaliza.

Inenso ndinavalapo malaya aja. Zaka zingapo zapitazo kuntchito kwathu tinapita kukadzala mitengo pa sukulu ina kunja kwa tauni. Maenje anali atakumbidwa kale ndi ana asukulu. Mlendo wolemekezeka anafika mochedwa, anagwada pa chiguduli kuti asadetse thalauzi, anathirira kambande kamodzi ndi keni yatsopano, tonse m'manja phuphuphu. Tinadya, tinasainira, tinabwerera. M'Ogasiti ndinadutsako pa nkhani ya maliro. Mbuzi zinali zitachita mbali yake, moto unamaliza zotsala. Chimene chinandikhudza n'chakuti kuseri kwa zimbudzi za sukuluyo kunali zitsa zakale za tsamba ndi msuku zimene palibe anazilabadira, ndipo zinali zitatulutsa mphukira zofika m'chiuno, zobiriwira m'chilimwe chomwecho, popanda wozithirira. Lipoti lathu linawerenga mbande zimene tinadzala. Zitsa zija sizinalowe m'lipoti.

Miombo ili ndi khalidwe limeneli. Ukaidula simafa msanga. Mizu yake imakhala yamoyo pansi, ina yazaka zambirimbiri, yozama kufika kumene kuli chinyontho, ndipo timaulusi ta bowa tija timakhala tidakali pomwepo. Imangofuna kuti uisiye. Uchotse mphukira zofooka, usiye ziwiri kapena zitatu zamphamvu, uletse mbuzi, ulambule m'mbali kuti moto usalowe. Mdani wamkulu ndi moto wa m'Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwaa, umene anyamata osaka mbewa amayatsa n'kuthawa. A zankhalango amadziwa kuyambira kale kuti kutentha msanga, m'Meyi kapena m'Juni udzu udakali ndi chinyezi, kumapulumutsa timitengo. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu kutalitali, alimi anabweza mitengo pa mahekitala mamiliyoni angapo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ndi njira yomweyi yosamalira zitsa. Ife dziko lathu linalonjeza mu 2016 kuti pofika 2030 lidzakhala litabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni. Ndi machubu okha sitidzafikako. Vuto la chitsa n'lakuti sichijambulika bwino, ndipo palibe amene amalandira alawansi chifukwa chosiya tchire kuti likule.

Pali chinanso chimene timaiwala, kuti malo ena safuna mitengo n'komwe. Ku Nyika, paki yoyamba m'dziko muno imene inakhazikitsidwa mu 1965, chuma chake chachikulu chili mu udzu wa pamwamba pa phiri, mmene muli mitundu yoposa 200 ya maluwa aja a chinaka ndi abale ake. Timbatata take tikukumbidwa usiku ndi usana, tina kudyedwa konkuno, tambiri kuwoloka kupita ku Zambia kumene amapangira chakudya chotchedwa chikanda. Ukakumba kambatata wapha chomera chonse. Palibe mwambo wodzala mitengo umene ungabweze zimenezo, ndipo paini amene anadzalidwa ku Chelinda amadzifesa yekha n'kumalowerera mu udzu womwewo. Madambo a m'tauni mwathu muno nawonso si malo ongokhala podikira mwini puloti. Ndi amene amamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Tawathira dothi, tamangamo, takwera m'mapiri ndi makasu. Amene munali kuno m'Epulo 2016 mukukumbukira mmene nyumba zinagwera ku Masasa ndi madera ena mvula itagwa masiku otsatizana.

Tsopano ndidziloze chala ndekha, chifukwa kuloza ena n'kosavuta. M'khitchini mwanga muli thumba la makala. Magetsi akathima, kapena mayunitsi akatha pakati pa mwezi, mbaula ndiyo imapulumutsa banja, ndipo nyemba sitiphikira pa magetsi ngakhale atayaka. Gasi ndinamuyesa, mtengo wake unandibweza. M'mawa uliwonse njinga za makala zimatsika kulowa m'tauni, matumba atatu atatu, munthu thukuta kamukamu m'chisanu cha Mzuzu. Ndipo ndikaimitsa njinga funso langa loyamba mukulidziwa, chifukwa inunso mumafunsa lomwelo. "Achimwene, ndi a mtengo wachilengedwe amenewa?" Ndimapisa dzanja, ndimatola khala limodzi, ndimaliyesa kulemera, ndimaligogoda kuti ndimve ngati likulira ngati chitsulo. Akakhala a paini ndimakana, ndimati amanyeka ngati pepala. Ndiye kuti ineyo, ndi pakamwa panga, ndimatuma munthu uja kuti akadule msuku. Kenako Loweruka n'kumadabwa kuti ndelema wathawira kuti.

Lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera, ndipo timaona matumba olandidwa ataunjikidwa pa marodibuloko. Wogwidwa nthawi zambiri ndi wa njinga, amene mawa adzabweranso chifukwa ana ake sadya lamulo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mu mzinda uno, ndipo lero tachuluka kuposa pamenepo. Miphika yonseyo ikufuna moto kawiri kapena katatu pa tsiku. Apa ndi pamene bulugamu ndi paini zikanatithandiza zenizeni, zikanakhala makala ovomerezeka otsika mtengo, ife ogula n'kusiya matama athu a khala lolira ngati chitsulo. Mitengo yobwerayo igwire ntchito ya pamoto, yachilengedwe ipume.

Madzi amene timatsegula pampopi m'tauni muno amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo chimene chimasunga madziwo si khoma la damulo lokha, ndi nkhalango imene ili kumtunda kwake. Mitengo ya katope m'mbali mwa timitsinje, masamba owola pansi amene amamwa mvula ngati thonje. M'mphepete mwa nkhalangoyo nkhwangwa zimamveka, ndipo ena mwa amene amagula nkhunizo ndi ife tomwe timadandaula pa gulu la WhatsApp la m'dera kuti madzi asiya.

Ndili ndi kapuloti ku Lusangazi kamene ndakhala ndikulephera kumangapo. Chaka chatha ndinauza mnyamata amene amandiyang'anira kuti asazulenso zitsa za kumunsi kwake. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Anati, "Bwana, anthu aziti puloti ilibe mwini, mudzapeza wina waumbapo njerwa." Mwina akunena zoona, za malo m'tauni muno ndani sazidziwa. Tinagwirizana kuti kumtunda azilima chimanga chake, kumunsi tilambule m'mbali mokha. Tinawerenga zitsa zamoyo 14, misuku 5, zina tsamba, ziwiri sindikuzidziwa maina, ndipo ndikufuna munthu wachikulire wa kumeneko adzandiuze. Pa chitsa chilichonse tinasiya mphukira zitatu. M'Okutobala moto unafika mpaka pa mzere umene tinalambula n'kuima.

Bowa sanamerebe. Mayi a ku Zigwagwa aja nditawauza anaseka mpaka kugwira pamimba, akuti ndidikire mitengo iyambe yachita mthunzi, ndipo mwina amene adzazule ndi adzukulu anga. Anandiwonjezera ndelema awiri aang'ono osatambasula, aja ooneka ngati mazira, n'kunena kuti Loweruka likubwerali ndifike isanakwane 7 koloko, chifukwa amayi a m'malesitilanti amatenga beseni lonse.