Madamu opanda mwamuna womutsatira

Kalata yanga yopempha kusamutsidwa pa sukulu imene ndikuphunzitsa yabwereranso. Aka n'kachitatu. Chifukwa chimene ndinalemba sichinasinthe: mwana wanga wamng'ono ali ndi chifuwa cha mphumu, ndipo chikamugwira usiku ndimayenda m'makomo mwa anthu kudzutsa wakabaza kuti atithamangitsire kuchipatala chimene chili kutsidya kwa mitsinje iwiri. Bambo amene ndinawapeza ku ofesi anaiwerenga kalatayo mpaka pansi, kenako n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Nanga amuna anu amagwira ntchito kuti, Madamu?" Nditati palibe, anaipinda bwinobwino.

Aphunzitsi nonse mukuchidziwa chimenechi. Mayi akabwera ndi pepala la ukwati n'kunena kuti akutsatira mwamuna ku Lilongwe kapena ku Blantyre, khomo silivuta kutseguka. Sindikuwachitira nsanje anzangawo, banja ndi lofunika likhale pamodzi. Koma ndi chifukwa chake sukulu zambiri za m'tauni zadzaza ndi amadamu, pamene kumudzi kuno ndili ndekha ndi ana 128 mu Sitandade 2, chonsecho boma limati mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Funso langa ndi lakuti, kutsatira mwamuna kukakhala chifukwa chomveka, kutsatira moyo wa mwana kukukanika bwanji? Ine ndi ana anga awiriwa si banja kodi?

Tsiku langa limayamba 4 koloko, tambala asanatsike. Madzi ku mjigo, moto pa mbaula, mafuta pamoto. Inde, ndimakazinga mandasi, ndipo manyazi ndinawasiya kalekale. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro amatha mwezi usanafike pakati, ndiye beseni la mandasi ndi limene limagula sopo ndi ndiwo. Ndikamaliza ndisambitse wamng'onoyo, ndikamusiye kwa agogo ena oyandikana nawo amene ndimawathokoza ndi kapaketi ka shuga, wamkuluyo ndimukumbutse kasanu kuti atenge kope la masamu. Belu likamalira ndimakhala nditagwira kale ntchito ya tsiku lathunthu, koma pamzere ndiyenera kuima woongoka, nsalu yosita, kumwetulira.

Ena amati aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono timaweruka msanga. Bwerani mudzachonge makope 128. Mudzatsatire mwana aliyense amene sakutha kusiyanitsa b ndi d, mudzalekanitse ndewu ya makapu pa mzere wa phala la Mary's Meals, mudzapukute wina amene wadziwonongera chifukwa anaopa kupempha kupita kuchimbudzi. Usiku ana akagona ndi pamene ndimalemba lesoni pulani ndi kuwala kwa foni, poti a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akatulukira safunsa kuti mwana wagona bwanji, amafunsa sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa.

Za bambo wa anawa sindilankhula zambiri. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limanena momveka kuti kholo lili ndi udindo wosamalira mwana wake, kaya banja lilipo kaya linatha, ndipo mayi atha kukasuma kukhoti. Ndinayesapo. Khoti lili kuboma, thiransipoti ndi yanga, ndipo tsiku lililonse limene ndapita ndiye kuti ana 128 aja akhala akusewera fulaye panja. Mlandu utasunthidwa kawiri ndinawerengetsera ndalama zimene ndawononga panjira, ndinangolowa banki m'khonde. Kumeneko bola, kusiyana ndi katapila amene wadya anzanga ambiri mpaka kuwalanda makhadi a kubanki.

Koma zonsezi ndimapirira. Chimene chimandiwawa ndi pakamwa pa anthu. Mnzanga wamwamuna akandikweza panjinga popita ku msonkhano wa ku TDC, kumene aphunzitsi a m'dera lino timakumana, pofika madzulo nkhani yafika kale kwa akazi ake. Ndikagula nsapato yatsopano, akuti alipo amene akundigulira. Tsiku lina pa msonkhano wa makolo, ahedi atanena kuti ine ndizithandizana ndi amayi a mother group polangiza atsikana, bambo wina anaimirira n'kunena kuti, "Mbeta ikawalangiza chiyani ana athu?" Anthu anaseka. Bambo ameneyo mwana wake anadziwa kuwerenga m'manja mwangamu. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe amaukumbukira akamanditulira ana awo m'mawa, koma akaona anga amayamba kufunsana kuti bambo wake ndani.

Ndipo taonani chodabwitsa. Kuyambira 1993 dziko lino limalola mtsikana amene anatenga mimba kubwerera kusukulu akabereka. Atsikana oterewa akabwerera, mutu uli pansi, anzawo akuwatcha "make mwana", sapita kwa amene anaseka aja. Amabwera kwa ine, kuseri kwa kalasi, kudzandifunsa kuti mkaka ukamatuluka pa yunifolomu achite bwanji, kapena ngati n'zotheka kulemba mayeso a Sitandade 8 mwana ali kunyumba. Ndimawauza kuti n'zotheka chifukwa ndikudziwa kulemera kwake, osati zongomva.

Ine ndine mmodzi wa ana amene tinakhamukira kusukulu mu 1994, a Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale. Tinkaphunzira pansi pa mtengo wa mango, ndipo amene anandigwira dzanja polemba dzina langa koyamba anali mayi wamasiye, akuphunzitsa khanda lili kumbuyo. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti amadzuka nthawi yanji. Pano ndikudziwa.

A TUM, bungwe lathu la aphunzitsi, mukamakambirana ndi boma za malipiro ndi kukwezedwa, ikaniponso iyi: mayi amene akulera yekha ana aziganiziridwa pa kusamutsidwa ndiponso pogawa nyumba za pasukulu, osadikira kuti abweretse pepala la ukwati. Sitikupempha chifundo, tikupempha kuti funso la ku ofesi lija lisinthe.

Kalata yachinayi ndailemba kale, ili m'chikwama pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala ka mwanayu. Ndikaipereka Lachisanu, ngati mvula siidzaza mtsinje.