Lekani kumunamizira Banneker

Wina waikanso pa Facebook chithunzi cha Benjamin Banneker, katswiri wakuda wa za nyenyezi wa ku America, ati ndiye anajambula mapu a mzinda wa Washington kuchokera m'mutu, m'masiku awiri okha, Pierre L'Enfant, amene anapatsidwa ntchito yojambula mzindawo, atathawa ndi mapepala. Anthu mazana akugawana, ena akuthira "amen". Zandikwiyitsa kwabasi. Ndi bodza limenelo!

Onani madeti. Banneker anapita ndi woyeza malo Andrew Ellicott mu February 1791 kukayamba kuyeza malire a dera la likulu, mamailosi 10 mbali iliyonse, kuyambira ku Jones Point. Mu April chaka chomwecho anabwerera kumunda kwake ku Baltimore County, Maryland. L'Enfant anachotsedwa ntchito mu 1792. Ndiye mapuwo anawakumbukira ali kuti? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chondiwawa n'chakuti zoona zake n'zazikulu kuposa nthanoyo. Mlimi wa fodya, wakuda, mfulu pakati pa akapolo, wobadwa mu 1731, anayamba za nyenyezi ali ndi zaka 57, mnansi wake George Ellicott atamubwereka mabuku ndi telesikopu mu 1788. Wopanda mphunzitsi. Kenako anayamba kulemba ma almanac, mabuku a mawerengero a zakumwamba a chaka chonse. Almanac si kalendala yopachika pakhoma ayi. Pa mwezi uliwonse umawerengera nthawi yotuluka ndi kulowa dzuwa, tsiku lokhala mwezi ndi lokhwima, malo a mapulaneti, kukwera ndi kutsika kwa madzi ku Chesapeake Bay, ndi kadamsana. Zonsezo ndi cholembera cha nthenga ndi matebulo a manambala. Ukasokoneza nambala imodzi kumayambiriro, tsamba lonse lapita.

Ndipo anaphonyapo. Kadamsana wa dzuwa amene anawerengera mu 1789 anali ndi cholakwa, popeza mabuku awiri amene ankatsatira, la Ferguson ndi la Leadbetter, ankayala masitepe mosiyana. Anabwereza, nakonza. Mawerengero a 1792 anawaona katswiri David Rittenhouse n'kuwavomereza, ndipo ma almanac ake a zaka za 1792 mpaka 1797 anasindikizidwa chaka ndi chaka. Ntchito ndi imeneyo. Munthu wotere mukumupakiranji utoto? Akusowa chiyani kuti mumuwonjezere zabodza? Mwina n'chifukwa chakuti masamu sakoma kugawana ngati nthano.

Za wotchinso mwazipotoza, ati ndiye anapanga wotchi yoyamba ku America. Inde anasema wotchi yamatabwa cha m'ma 1753, atasuzumira m'kati mwa kawotchi kam'thumba kobwereka n'kukulitsa magiya ake, ndipo inkalira ola lililonse mpaka imfa yake mu 1806. Koma sinali yoyamba ku America. Mukanama chonchi, wodana nafe amagwira bodza limodzilo n'kutaya ndi zoona zomwe.

Nanga bwanji simugawana kalata ya 19 August 1791, imene anamuuza Thomas Jefferson, mlembi wa chikalata cha ufulu wa America, mosapsatira kuti analemba zoti anthu onse analengedwa ofanana koma iye akusunga akapolo? Imeneyo ilipo, ndi yankho la Jefferson la 30 August lomwe. Palibe akuiwerenga.