Timibulu ta shuga sitingatsitse BP

Abale anga a pa Harare pano, ndinene ndithu ngakhale ena mundida nazo.

Lamlungu lapitali ndinali ku Mufakose kukaona azakhali anga. Ndinawapeza ali chimwemwe tsaya. Akuti anasiya amlodipine, mapiritsi awo a BP, chifukwa ankawatupitsa mapazi, pano akumwa timibulu toyera ta homeopathy tomwe anagula m'tauni. "Mwanawe, ine ndachira, thupi langa lapepuka." Mwamwayi ndinali nditanyamula kamakina koyezera BP. Kuyeza, 178/104. Ndinati apume kaye, mwina atopa ndi kuphika. Kuyezanso, zomwezo. Chikhalirecho kuchipatala amati ikamangokhala pa 140/90 ndiye kuti yakwera kale.

BP imayenda mwakachetechete ngati chiswe m'denga. Munthu amatha zaka akugulitsa tomato ku Mbare, akuvina pa zikwati, pomwe mitsempha, impso ndi mtima zikudyeka mkati. Ndiye mawu oti "ndikupeza bwino" ine sandigwira mtima. Ambiri omwe anagwa sitiroko nawonso ankapeza bwino dzulo lake.

Ena amaganiza kuti homeopathy ndi mankhwala azitsamba ngati omwe agogo athu anabwera nawo kuchokera ku Dedza ndi ku Mangochi. Ayi ndithu. Inayambitsidwa ndi dokotala wa ku Germany, Samuel Hahnemann, mu 1796. Pa kabotolo ka azakhali panalembedwa 30C. Tanthauzo lake, amatenga dontho limodzi la mankhwala n'kulisakaniza ndi madontho 99 a madzi, kukhutchumula, kutapamonso dontho limodzi, kulithira m'madontho ena 99, mpaka maulendo 30. Mutatsina mchere n'kuuponya m'damu la Chivero, madzi akewo angakhale ndi mchere wambiri kuposa mankhwala otsala m'kabotolomo. Madziwo ndi omwe amadonthezera pa timibulu ta shuga, ndiye chomwe azakhali akumwa ndi shuga basi. Mu 2015 bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo, NHMRC, linaunika nkhaniyi ndipo silinapeze matenda ngakhale amodzi omwe pali umboni wodalirika woti homeopathy imachiza.

Sindikuwaseka azakhali, ndikuwamvetsa. Yemwe anawagulitsa timibuluto anakhala nawo pansi nthawi yaitali, kuwafunsa za tulo, za nkhawa, za maliro a amuna awo. Ku kiliniki umaima pamzere m'mawa wonse, kenako mphindi zochepa watuluka. Ndani safuna kumveredwa? Koma kutupa mapazi n'kodziwika ndi amlodipine, ndipo adokotala amatha kuchepetsa kapena kusintha. Alipo mapiritsi ena a BP ngati HCT ndi enalapril. Kungosiya wekha ndiye kuputa ngozi.

Lolemba tinakwera kombi limodzi kupita ku kiliniki, anawasinthira mapiritsi. Kabotolo kaja akadali nako, akuti ndalama zawo zisapite pachabe. Sindinalimbane nawo. Nkhondo yomwe yatsala ndi ya mchere: a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, pomwe azakhali anga pa matemba okha amathira chikhatho.