Malizani kaye kulemba, chikuto chidikire

Dzulo wina waika chikuto cha buku lake pa Facebook, dzina m'zilembo zagolide, tsiku lokhazikitsa bukulo walengezeratu, holo akuti wapeza kale m'tauni muno. Wina atafunsa kuti masamba alipo angati, iye akuti "ndili pa mutu wachitatu." Mutu wachitatu! Abale inu, manyazi adapita kuti?

Mitu itatu si buku. Nthano yaitali imene sinafike kumapeto palibe chimene mungakhazikitse, ngakhale chikuto chinyezimire bwanji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mitu yoyambirira aliyense amalemba, chifukwa nkhani ikadali yotentha m'mutu. Ntchito imayamba pakati, cha pa mutu wachisanu ndi chitatu apo, pomwe atengambali onse mwawatchula kale, mkangano mwauyambitsa, koma simukudziwa kuti mawa achite chiyani. Ambiri amafera pamenepo. Amabwerera ku mutu woyamba kukausalaza kakhumi, kusintha dzina la buku, kufunsa mitengo yosindikizira. Zonsezo n'kuthawa ntchito basi. Ena ndi ulesi, ena akufuna kutchedwa alembi msanga, kaya.

Kulemba ndi masamu, achimwene. Mukafuna buku la mawu 40,000, lembani mawu 500 tsiku lililonse, pakatha masiku 80 mwamaliza. Mawu 500 ndi masamba awiri okha, ola limodzi m'mamawa anthu asanadzuke. Musanayambe, lembani pa pepala limodzi kuti mtengambali wamkulu akufuna chiyani, akumutsekereza ndani, ndipo zidzatha bwanji. Mathero musawasiyire mwayi. Mukamalemba osabwerera m'mbuyo. Pakavuta ikani chizindikiro, lembani kuti "ndidzakonza", pitirirani. Posiya, siyirani pakati pa zochitika, kuti mawa musayambe ndi kuyang'ana denga.

Khalaninso ndi kope la atengambali: dzina, zaka, mudzi, ubale wake ndi ena. Popanda kope limenelo Nambewe wa mutu wachiwiri amasanduka Nachisale pa mutu wachisanu ndi chinayi, mwana wobadwa chaka chatha ali kale ku sekondale, chimanga chodzala mu Disembala akukolola sabata yotsatira. Mtengambali akuchoka ku Chinamwali wapansi n'kufika ku Jali tiyi asanazizire, inu mukuganiza kuti owerenga a ku Zomba sazindikira? Sankhaninso kumayambiriro komwe kuti mulemba "anapita" kapena "adapita", osati kusakaniza m'ndime imodzi ngati mwalemba anthu awiri. Ndipo chonde, madzulo alionse dzitumizireni zomwe mwalembazo pa imelo. Foni imabedwa, kompyuta imapsa magetsi akabwera mwamphamvu, ndiye tizimva maliro a mitu khumi.

Mukalemba mawu omaliza, bukulo silinathebe. Litsekereni mwezi wathunthu osaliona. Kenaka lisindikizeni pa mapepala wamba, tengani cholembera chofiira, werengani mokweza. Pomwe lilime lapunthwa, pomwepo pali vuto. Mutu umene mungauchotse nkhani osasintha, chotsani osaumvera chisoni. Mukatero lembaninso kachiwiri, ndiye mupereke kwa mkonzi. Nambala ya ISBN, ija yozindikiritsa buku, ku National Archives konkuno ku Zomba sithawa, wojambula chikuto sathawa, holo sithawa. Chimene chimathawa ndi nkhani imene mwaisiya pa mutu wachitatu. Malizani kaye!

Komanso inu a m'makomenti, mukundinyansa kuposa mwini wakeyo. "Moto!" "Tikudikira bwana!" Mwawerengapo chiganizo chimodzi? Gulu la alembi la ku Chancellor College, lija lidayamba mu 1970, anthu ankawerengerana zolemba n'kudzudzulana maso ndi maso, munthu n'kubwerera kukalembanso. Lero mukangonena kuti ndime iyi yafooka, akuti ndinu wansanje, mawa wakutsekani. Ndipo omwe akukuwa motowo ndi omwewo adzapemphe buku laulere pa WhatsApp likadzatuluka.